Za mafunde a ku Muizenberg: mau kwa ana anga a ku Cape Town

 

Nkhani ya lero ena mudabwa nayo, poti ikuchokera kwa munthu wa choko wa dziko lopanda nyanja yamchere. Ndikufuna ndikambe za masewera okwera mafunde ndi thabwa, amene eni ake amati surfing, makamaka pa gombe la Muizenberg ku Cape Town. Zifukwa zilipo ziwiri. Choyamba, ana amene ndinawaphunzitsa ambiri ndithu ali ku Cape Town masiku ano, ena ku Capricorn, ena ku Masiphumelele, ena ku Hout Bay. Disembala akakwana amanditumizira zithunzi pa WhatsApp ali m'madzi olekeza m'chifuwa, mano onse pamtunda. Ndikaona zithunzizo ndimakondwa, komanso mtima umakhala m'mwamba, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri amalowa m'madziwo podalira kusambira kumene anaphunzira ku Senga Bay kapena pa dziwe la kumudzi. Chachiwiri, ife aphunzitsi a jogalafe timaphunzitsa za mafunde ndi za kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja kwa ana oti sanaonepo zinthuzo, ndiye amene wakaona ndi maso ayenera kugawirako anzake.

Ngati mulibe nthawi yowerenga zonse, gwirani ichi chokha: nyanja yamchere umayamba waiwerenga uli pamtunda, kenako n'kulowamo. Zina zonsezi ndikungofotokoza kawerengedwe kake.

Ndinapita kumeneko pa tchuthi chachikulu, mu Ogasiti 2023. Anandiitana ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, amene pano amagwira ntchito pa lesitilanti ina ndipo amakhala ku Capricorn ndi banja lake. Ulendo wake ndi uja ambiri mumaudziwa: basi kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka Johannesburg, kenako makilomita ena pafupifupi 1,400 kukafika ku Cape Town. Ndinakhalako masabata atatu, ndipo pafupifupi m'mawa uliwonse ndinkakhala ndili pa gombe, masiku ena m'madzi, masiku ena nditangokhala pa khoma ndi kope langa.

Muizenberg ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kuchokera pakati pa mzinda, pa ngodya ya kumpoto chakumadzulo ya chigawo cha nyanja chotchedwa False Bay. Sitima ya pamtunda yochokera mu mzinda kupita cha ku Simon's Town imaima pomwepo, pa siteshoni yakale ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi pamwamba, imene inatsegulidwa mu 1913. Ukangotsika, nyanja ili pamphuno. Malo amenewo ndi amene amatchedwa Surfer's Corner. Kumbuyo kuli phiri, kutsogolo mchenga woyera wautali mpaka maso kutopa, ndi timanyumba tija tamatabwa topaka utoto wofiira, wachikasu, wobiriwira ndi wabuluu timene mumationa pa makalendala. Anzanga a histole mukondwa kumva kuti kanyumba kamene anamwaliriramo Cecil Rhodes mu 1902 kali chapomwepa m'mbali mwa msewu, ndipo mlembi wa mabuku Agatha Christie anaseweraponso pa mafunde omwewa mu 1922, atagona chafufumimba pa thabwa. Mu 2009 anthu 110 anakwera funde limodzi pa nthawi imodzi pomwepa. Zimenezi zikukuuzani mtundu wa funde lake: lalitali, lofatsa, lokwanira khamu.

N'chifukwa chiyani malowa ali abwino kwa wophunzira? Apa ndi pamene buku la Fomu 3 limasanduka zenizeni. Mafunde a ku Cape Town sabadwira pomwepo. Amabadwa kutali kwambiri kummwera, kumene mphepo zamkuntho zimaomba pa nyanja yopanda mtunda woitchinga. Amayenda masiku angapo, ndipo m'njiramo amasanjika bwino, kotero kuti pofika pa gombe funde lina ndi linzake zimasiyana ndi masekondi 10 kapena kupitirira. Ndinawerenga ndekha ndi wotchi. Yerekezani ndi nyanja yathu mwera ukamaomba mu Juni ndi Julayi: mafunde ake amakhala afupiafupi, othithikana, lina likamasweka linzake lafika kale. A kwathu ndi oopsa kwa bwato, paja sitima ya Vipya inamira mu 1946 ndi anthu 145, koma sakankha munthu mtunda wautali. A kunyanja yamchere amaoneka aulesi, koma lililonse limanyamula madzi ochuluka zedi.

Ndiye mafunde amenewa asanafike ku Muizenberg amayamba akumana ndi mtunda wautali uja wothera ku Cape Point. Ambiri amachokera kummwera chakumadzulo, choncho amayenera kukhota kuti alowe mu False Bay, ndipo pokhotapo mphamvu ina imatha. Akalowa amapeza pansi pa mchenga potsetsereka pang'onopang'ono kwambiri. Funde limasweka likafika pamene kuya kwa madzi kwatsala pang'ono kufanana ndi msinkhu wake, chifukwa kunsi kwake kumachedwetsedwa ndi mchenga pomwe kumwamba kukuthamangabe. Pansi pakakhala potsika mwadzidzidzi, funde limadzipinda n'kugwa kamodzi ngati khoma. Pakakhala potsetsereka bwino ngati pa Muizenberg, limangogumuka pamwamba n'kumabwera ngati thovu loyera, likugudubuzika mtunda wautali. Thovu limenelo ndiye kalasi ya wophunzira. Umatha kuyenda mapazi ambiri kulowa m'nyanja madzi akadali m'chiuno, pansi pali mchenga wokhawokha, kupatula miyala imene ili cha kungodya kufupi ndi njanji.

Chinthu choyamba kuwerenga ukafika ndi mphepo. Gombeli linayang'ana chakummwera, phiri lili kumbuyo kwake. Mphepo ikamachokera kumpoto chakumadzulo, kutanthauza kuchokera kumtunda kupita kunyanja, imaomba funde kumaso n'kuliimika, madzi amakhala osalala, ndipo mafunde amabwera m'mizere ngati mizere ya m'munda wolimidwa bwino. Mphepo imeneyi imakonda nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, n'chifukwa chake akatswiri amati nthawi yabwino ndi imeneyo ngakhale kukuzizira. M'chilimwe, makamaka Novembala mpaka Febuluwale, kumaomba mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, mbale wake wa mwera wathu, imene kumeneko amaitcha Cape Doctor poti amati imasesa utsi ndi zonyansa za mu mzinda. Imeneyi imachokera kunyanja kubwera kumtunda, imakankha funde kumsana n'kuliphwanya nthawi isanakwane, madzi amangoti piringupiringu, mchenga n'kumakulasa m'miyendo. Vuto n'lakuti imeneyi ndi miyezi yomwe inu ambiri mumapuma ku ntchito. Malangizo a eni dera ndi akuti m'chilimwe lawirirani m'mamawa, mphepo isanadzuke. Njira yoidziwira ndi yosavuta: yang'anani mbendera za pa gombe. Zikaloza kunyanja, zinthu zili bwino. Zikaloza kuphiri, tsikulo mulimbana nalo.

Mphepo ya kunyanjayi imabweretsanso tizilombo tina tabuluu tokhala ngati kachikhodzodzo kodzaza mpweya, tokhala ndi ulusi wautali, timene amati bluebottle. Ulusiwo umaotcha ngati chitedze chamoto. Mukationa titamwazika pa mchenga, dziwani kuti m'madzinso tilimo, ndipo muwauze ana asatitole, chifukwa ngakhale takufa timaotchabe.

Chachiwiri kuwerenga ndi kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja. Izi kwathu kulibe. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika potsata mvula ya chaka, pomwe yamchere imadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha kukoka kwa mwezi ndi dzuwa. Kuchokera podzaza kufika pophwa pamapita maola 6 ndi mphindi zochepa, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, kusiyanako kumakula, madzi amatha kukwera kupitirira mita imodzi ndi theka. Pa gombe lafulati ngati la Muizenberg, mita imodzi ndi theka ndi mchenga wambiri. Ndinaona banja lina litayala nsalu ndi zakudya pamalo ouma bwinobwino, n'kupita kukayenda, pobwerako akuthamangitsana ndi mapoto akuyandama. Mtsikana amene ankandiphunzitsa ankakonda kuti tilowe madzi ali pakatikati akukwera, chifukwa akadzaziratu amafika pa khoma la pangodya paja n'kumabwerera, n'kumaombana ndi mafunde obwera. Nthawi za kudzaza ndi kuphwa zimapezeka pa intaneti, ndipo m'masitolo obwereketsa matabwa akhoza kukuuzani ulere.

Chachitatu ndi kuzizira. Madzi a nyanja yathu kawirikawiri amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 28. A ku Muizenberg mu Ogasiti amakhala cha pa 13 kapena 14, ndipo m'chilimwe amatha kufika 20. Anthu a ku Cape Town amati amenewo ndi madzi ofunda, poyerekeza ndi a mbali inayo ya Clifton ndi Camps Bay kumene madzi ozizira a pansi pa nyanja amatumphukira pamwamba. Ine wa ku Malawi ndikuti ndi madzi a mu fuliji. Ukangolowa mpweya umabanika, umapuma mwabefu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo nthawi imeneyo ndi yoopsa kwa munthu amene wangodumphira pakuya. Lowani pang'onopang'ono, mudikire kupuma kukhazikike. Okwera mafunde amavala chovala cha mphira chothina thupi lonse, wetsuit, chimene chimasunga kamadzi kochepa pakhungu n'kumafundidwa ndi thupi lomwelo. M'nyengo yozizira pemphani chokhuthala, cha mamilimita 4. Kuchivala ndi nkhondo payokha, ndipo zipi wake nthawi zambiri amakhala kumsana. Ola limodzi kapena ndi theka m'madzi n'lokwanira. Zala zikayamba kukanika kugwira, tulukani.

Kunena za kuphunzira kwenikweni, pa Surfer's Corner pali masitolo angapo m'mbali mwa msewu amene amabwereketsa thabwa ndi chovala pa ola, komanso ali ndi aphunzitsi. Funsani mitengo m'masitolo awiri atatu musanasankhe. Tsiku loyamba lipirani mphunzitsi, musadalire mnzanu amene anayamba dzana. Musasirire timatabwa tating'ono tosongoka ta akatswiri. Wophunzira amafunika thabwa lalitali, la mafiti 8 kapena 9, lalikulu bwino ndi lofewa pamwamba, loti likakumenya sungavulale kwambiri. Thabwalo lili ndi chingwe chimene umamanga pa kakolo wa mwendo wotsalira kumbuyo. Ambiri amatsogoza mwendo wamanzere. Amene amatsogoza wamanja amawatcha goofy, ndipo ine ndinapezeka kuti ndili m'gulu limenelo, zomwe zinamuseketsa kwambiri mnyamata wanga uja.

Amene ankandiphunzitsa anali mtsikana wa msinkhu wa ana anga a Fomu 4 amene anamaliza posachedwa. Sanandilole kukhudza madzi mpaka titatha mphindi khumi titangoima kuyang'ana. Ankandifunsa: mphepo ikuchokera kuti, mafunde akusweka pati, anthu ophunzira ali mbali iti, mbendera ndi ya mtundu wanji. Anandionetsa kuti mafunde amabwera m'magulu, angapo aakulu motsatizana, kenako kamphindi ka bata, ndipo wanzeru amalowa pa kabata kameneko. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana uyu ankadziwa zimenezi ngakhale mwambiwo sanaumvepo.

Kenako tinayeserera pa mchenga. Umagona chafufumimba pakati pa thabwa, zala zakumiyendo zili cha kumapeto. Ukasendera kutsogolo kwambiri mphuno ya thabwa imamira n'kukugubuduza. Ukatsalira kumbuyo funde limakudutsa. Thovu likamayandikira umapalasa ndi manja mwamphamvu ngati ukupalasa bwato, ndipo ukamva kuti lakunyamula umaika zikhatho pansi pa chifuwa, n'kudzikankha, n'kubweretsa miyendo pansi pako kamodzin'kamodzi. Mawondo opinda, manja otambasula, maso kutsogolo. Mau amene ankabwereza tsiku lonse ndi akuti ndisayang'ane mapazi, chifukwa kumene wayang'ana ndi kumene umapita. Kugwa ndi mbali ya phunziro. Umagwa chagada kapena cham'mbali, thupi lotambasuka, osati chamutu, poti madzi ndi osaya. Potumphuka umaphimba mutu ndi manja kuopa thabwa. Ndipo polowa m'madzi thabwa umaligwira pambali pako, osaliika pakati pa iwe ndi funde, apo ayi likuphwanya mano.

Ndinaimirira pa tsiku lachitatu, kwa masekondi mwina asanu. Bambo wa zaka zopitirira 40, wa kamimba kake, ataima pa thabwa madzi akumuthamangitsa kupita kumtunda! Mnyamata wanga anali pa gombe akukuwa kuti, "Aphunzitsi, mwakhoza! Koma malikisi ndi 40 pa 100!" Ndinamuyankha kuti imeneyo ndi pasi, asandinyoze.

M'madzimo muli malamulo, ngakhale palibe wapolisi. Funde ndi la munthu amene ali kufupi kwambiri ndi pamene layambira kusweka. Ukaona wina waimirira kale akubwera, sulowerera kutsogolo kwake. Pobwerera mkati sudutsa m'njira ya amene akukwera, umazungulira. Thabwa sulitaya ukaona funde lalikulu, chifukwa kumbuyo kwako kuli mutu wa wina. Ukalakwira munthu umakweza dzanja n'kupepesa, nkhani imathera pomwepo. Loweruka ndi Lamlungu pamadzaza ngati msika wa Lizulu, ndiye ngati mumapuma mkati mwa sabata, pitani tsiku limenelo. Malo osambira ndi malo a matabwa ndi osiyana. Osambira akhale pakati pa mbendera za mtundu wofiira ndi wachikasu, pamene opulumutsa anthu akuyang'anira.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa nkhaniyi. Ambiri mukamva za nyanja yamchere mumaopa shaki. Koma chimene chimatenga miyoyo yambiri m'magombe a South Africa ndi madzi obwerera, amene amati rip. Mafunde akamabwera amaunjika madzi kugombe, ndipo madziwo amafuna njira yobwererera. Akapeza mpata pakati pa milu ya mchenga ya pansi, amadutsa pamenepo ngati mtsinje wothamangira kunyanja. Msampha wake ndi uwu: pamalo pamenepo mafunde sasweka, madzi amaoneka odekha ndi oderapo, ndiye mlendo amati apa ndiye pabwino posambira. Mtsinje umenewu ukalimba umathamanga kuposa katswiri aliyense wosambira. Sukokera munthu pansi, umangomutengera kutali. Chimene chimapha ndi mantha ndi kutopa, munthu akamalimbana nawo kuti abwerere molunjika kumtunda. Ukagwidwa, gona chagada uyandame, paja madzi amchere amanyamula thupi kuposa a kwathu. Kweza dzanja limodzi kuti akuone. Ngati mphamvu zilipo sambira cham'mbali, motsata gombe, mpaka utatuluka mu mtsinjewo, poti sukhala wotakata kwambiri, kenako mafunde akuthandiza kubwerera. Ngati uli ndi thabwa usalisiye.

Pa Surfer's Corner penipeni madzi obwererawa sakhala amphamvu kawirikawiri, koma mukamapita chakum'mawa, ku Strandfontein, Mnandi ndi Monwabisi, nkhani imasintha, ndipo amalimba kwambiri masiku a mwezi wathunthu ndi a mwezi wamdima. Amenewa ndi magombe amene amadzaza pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale. Mukaona munthu akutengedwa, musathamangire m'madzi chimanjamanja, chifukwa nthawi zambiri amene amamira ndi wopulumutsayo. Itanani opulumutsa anthu, imbani 112 pa foni ya m'manja, ndipo muponyereni chinthu choyandama. Bungwe la National Sea Rescue Institute linayamba mu 2017 kupachika zoyandamitsa za mtundu wa pinki pa mitengo m'magombe ambiri kuti zithandize pa nthawi yotereyi. Mukafika pa gombe yambani mwaona pamene chapachikidwa. Ndipo mowa ndi nyanja sizigwirizana. Malamulo a mzindawo amaletsanso mowa pa gombe.

Za shaki ndisazilumphe. Mu False Bay muli kachilumba ka Seal Island kodzaza ndi nyama zija amati seal, zokhala ngati akatumbu akuluakulu, ndipo kwa zaka zambiri shaki zikuluzikulu zotchedwa great white zinkabwera kudzadya nyamazi. Mu 2004 kunayamba ntchito ya Shark Spotters. Munthu amakhala pa phiri, m'mbali mwa msewu wa Boyes Drive, ndi magalasi oonera patali, mnzake ali pa gombe, akulankhulana pa wailesi. Pa nthawi imene ndinaliko mbendera zinali zinayi. Yobiriwira inkatanthauza kuti madzi akuoneka bwino ndipo sanaone kanthu. Yakuda, kuti madzi sakuoneka bwino, woyang'anira sangathe kuona zonse. Yofiira, kuti chenjerani kwambiri, shaki yaoneka posachedwa kapena pali china choikopa. Yoyera yokhala ndi chithunzi cha shaki yakuda, pamodzi ndi kulira kwa chiwiya chochenjeza, inkatanthauza kuti tulukani nonse tsopano. Matanthauzowa analembedwa pa chikwangwani pomwepo, muziwerenga nthawi iliyonse mukafika. Kuyambira cha mu 2017 ma great white anachepa kwambiri mu False Bay, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amatchula ndi anamgumi awiri a mtundu wa orca, otchedwa Port ndi Starboard, amene amapha shaki n'kudya chiwindi. Koma mitundu ina ya shaki ilipobe. Kuchenjeza kukamveka, tulukani modekha, osakangana.

Palinso china chimene chinabwera ine nditachokako. Mu 2024 akuluakulu anatsimikiza kuti ma seal a m'nyanja ya ku Cape ali ndi chiwewe, chomwechi cha agalu, ndipo chaka chomwecho anthu ena okwera mafunde analumidwa ndi seal pa Muizenberg. Ife a ku Malawi chiwewe sitichita kuuzidwa. Nyamazi zimaoneka zokongola, koma musaziyandikire kuti mujambule nazo chithunzi, kaya zili m'madzi kaya pa mchenga. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Tina ting'onoting'ono: foni, ndalama ndi pasipoti musazisiye pa mchenga, funsani pa sitolo pamene mwabwereka thabwa ngati angakusungireni. Musayende nokha mbali ya gombe kumene kulibe anthu, makamaka m'mamawa kwambiri ndi madzulo. Mvula yamphamvu ikagwa, pewani kusambira kufupi ndi pamene madzi a Zandvlei amathirira m'nyanja, poti amabwera ndi zonyansa za m'makwalala. Khonsolo ya mzindawo inayamba mu 2025 ntchito yokonzanso khoma ndi malo oyendamo pa Surfer's Corner, choncho malo olowera akhoza kusiyana ndi amene ndinawaona ine. Ndipo mukapita pakati pa Juni ndi Novembala, kwerani ku Boyes Drive mukayang'ane pansi, mwina muona anamgumi. Ine ndinawaona awiri.

Mwina wina akuti, Aphunzitsi, ndi zoopsa zonsezi bwanji osangotiuza kuti tisapiteko? Ayi, sindikutero. Mnyamata wanga uja anali atakhala zaka zisanu ndi chimodzi pa mtunda woti akhoza kuyenda wapansi kukafika pa gombeli, koma anali asanakhudzepo thabwa. Nditamufunsa chifukwa anati, "Aphunzitsi, zimenezija ndi za azungu." Mau amenewa ali ndi mbiri yake. Pansi pa lamulo la tsankho la 1953 magombe anagawidwa potsata khungu, Muizenberg inali ya azungu okha, anthu akuda n'kupatsidwa magombe akutali a madzi oopsa ngati Monwabisi ndi Mnandi. Lamulolo linathetsedwa mu 1990, koma zikwangwani zimachoka msanga pa mtengo kusiyana ndi m'mutu. Chimene ndinaona ine m'madzimo ndi anthu a mitundu yonse, agogo aimvi, amayi ovala mipango, ndi magulu a ana ochokera m'makomboni amene bungwe la Waves for Change limawabweretsa kudzaphunzira mafunde ngati njira yowathandiza pa nkhawa ndi mavuto a kunyumba. Ndipo kumbukirani kuti masewerawa atalowa koyamba mu Olympics ku Tokyo mu 2021, mtsikana wa ku South Africa, Bianca Buitendag, anatenga mendulo ya siliva. Ndisanachoke, mnyamata uja anabwereka thabwa, ndipo anaimirira tsiku loyamba lomwelo. Pano amapita ndi mwana wake wamkazi.

Inu mumagwira ntchito zolemetsa kumeneko, ena maola ataliatali mutaimirira, ndalama zambiri n'kutumiza kumudzi. Ola limodzi m'madzi, mutu utaiwala za lendi ndi za mapepala, si kuononga. Chimene ndikukana ine ndi kulandira uthenga wa maliro a mwana amene ndinamuphunzitsa jogalafe, atamira pa tsiku la chisangalalo chifukwa panalibe womuuza kuti madzi odekha aja ndiwo oopsa. Mukudziwa nokha mmene zimavutira kusonkha ndalama zobweretsera thupi kumudzi kuchokera ku Cape Town. Safunsa anadya phula. Funsani opulumutsa anthu, funsani a m'masitolo, funsani agogo amene mwawapeza akutuluka m'madzi ndi thabwa. Anthu a pa gombe paja amakonda kufunsidwa.

Kwa inu aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi lakuti mutu wa mafunde tisamauthamangire ngati wongolowezera mayeso. Mwa ana 80 amene ali m'kalasi mwanu, ena adzakhala ku Cape Town, ku Durban, ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Mukajambula funde pa bolodi, onjezani mphindi khumi mujambulenso milu iwiri ya mchenga ndi muvi wobwerera kunyanja pakati pake, muwauze chochita akadzagwidwa. Amene muli kufupi ndi nyanja yathu, pitani nawo ana ku gombe mwera ukamaomba, awerenge ndi wotchi masekondi a pakati pa mafunde, aone mmene madzi amakwerera pa mchenga ndi kubwerera. Amene muli kumtunda, beseni lalikulu, mchenga ndi kathabwa kokankhira madzi zikhoza kugwira ntchito. Ine ndinayesa ndi Fomu 3 yanga, kalasi inanyowa, koma funso la mafunde pa mayeso a teremu imeneyo analikhoza pafupifupi onse.

Ana anga a ku Cape Town, uthengawu muwafikitsenso anzanu amene mumapemphera nawo ndi amene mumakhala nawo nyumba imodzi, makamaka ongofika kumene. Zithunzi pitirizani kutumiza, koma ndizionamo mbendera yofiira ndi yachikasu kumbuyo kwanu.

 Ndikachonge makope.